Ku West Yellowstone mumagula deti, bedi ndi lopitira

Anthuni, tisiye kunyoza eni maloji pa zinthu zoti talakwitsa tokha. Bambo wina walemba chikalata chachitali m'gulu la anthu okonda maulendo, akuti loji ya ku West Yellowstone, tauni ya ku Montana ku America yomwe ili pa geti la kumadzulo la paki ya Yellowstone, yamubera masanasana. Nkhani yake ndi yoti anaona chipinda chatsika mtengo, n'kubukitsa masiku anayi kuyambira pa 18 Malichi, n'kulipiriratu zonse, n'kunyamula mayi akunyumba ndi ana kuti akakwere snowmobile, kanjinga kamoto koyenda pa chipale, mpaka ku Old Faithful, kasupe wotchuka wa madzi otentha otumphukira m'mwamba wa m'kati mwa pakiyo. Kufika, geti la paki lotseka. Ndiye akufuna ndalama zake, ndipo anthu ali kumbali yake, wina akuti akasume, wina akuti tonse tisadzagoneko. Mwaberedwa chiyani bambo? Chipinda anakupatsani, moto wotenthetsa m'nyumba unalipo, bulangete munafunda. Chimene mulibe ndi chimene simunagule.

Safunsa anadya phula.

Misewu ya m'kati mwa Yellowstone imatsegulidwa kwa ma snowmobile pa 15 Disembala ndipo imatsekedwa pa 15 Malichi. Ina imatsekedwa ngakhale tsikulo lisanakwane, Malichi akangoyamba. Kuchoka apo amalowetsa makina ochotsa chipale, ndipo geti la kumadzulo limadzatsegukira galimoto chapakati pa Epulo. Izi si zobisika, zimalembedwa chaka ndi chaka. Mtengo wa pa 18 Malichi unatsika chifukwa choti chimene anthu amabwerera chinali chitatha masiku atatu apitawo. Loji inatsitsa mtengo chifukwa imadziwa kalendala. Inu munabukitsa chifukwa simuidziwa. Kuba kuli pati?

Ulendo wa snowmobile simugula bedi. Mumagula deti. Bedi ndi lomwelo mu Novembala, mu Januwale, mu Epulo, pilo yemweyo, bafa lomwelo. Chimene chimasintha ndi zimene zili panja pa zenera: chipale chagwa chochuluka bwanji, geti ndi lotsegula kapena ayi, makina osalaza njira akuyenda kapena anaimikidwa, ndiponso ndi anthu angati akulimbirana chipinda chomwecho. Mukaona mtengo wagwa, funso loyamba lisakhale loti ndilipira bwanji. Likhale loti chachoka n'chiyani.

Tiyeni tiuyende mwezi ndi mwezi, popeza ena mpaka muone ndi maso. Kuyambira kumayambiriro kwa Novembala mpaka pa 14 Disembala mitengo imakhala pansi, ndipo mpake. Paki imakhala yotseka ku geti la kumadzulo, galimoto salowa, snowmobile salowanso. Kumapiri kunja kwa paki chipale chimakhala chikungoyamba kuunjikana, zitsa ndi miyala zili mmunsimu zangophimbika pamwamba. Mukagunda chitsa ndi ski, phazi lotsetsereka la kutsogolo kwa snowmobile, mwapinda mkono wa sasipenshoni, ndipo ndalama imene munapulumutsa pa chipinda yapita yonse tsiku limodzi. Ngakhale pa 15 Disembala penipenipo musalumbire. Zaka zina geti limatseguka koma chipale pamsewu chili chochepa, ndiye oyang'anira paki amaletsa kaye ma snowmobile n'kungolola zimagalimoto zonyamula anthu. Wobukitsa sabata yoyambayo akutchova juga, ndipo azidziwa kuti akutchova.

Khirisimasi mpaka Chaka Chatsopano mtengo umakwera mpaka kumutu, monga zimachitikira ku maloji a kunyanja ku Mangochi nthawi yomweyo, ndipo palibe amene amati akubedwa. Apa mukulipirira tchuthi cha ana asukulu, osati chipale chabwino koposa. Dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, masana ndi aafupi. Kenako pali masabata awiri ena amene anthu ochokera kunja kwa America amaiwala: mapeto a sabata ya Martin Luther King, Lolemba lachitatu la Januwale, ndi a Presidents' Day, Lolemba lachitatu la Febuluwale. Masiku amenewo maloji ambiri sakupatsani usiku umodzi, amafuna awiri kapena atatu, ndipo malamulo obweza ndalama amakhwima. Amene akufuna chipale chokwanira pa mtengo wosapweteka asankhe Lachiwiri mpaka Lachinayi, Januwale atadutsa sabata yoyamba, kapena kumapeto kwa Febuluwale tchuthi chija chitapita. Kumeneko ndiye kutchipa kwanzeru. Koma muzivala, chifukwa Januwale wa kumeneko sasewera. Tauniyo ili pamtunda wopitirira mamita 2,000, kuzizira kwa madigiri 20 pansi pa ziro ndi kwa masiku onse, ndipo mu 1933 pafupi pomwepo anayeza madigiri 54 pansi pa ziro.

Tsono chimene chikundikwiyitsa kwambiri n'choti masiku amene bamboyu anagula si oipa ayi. Kumapeto kwa Malichi kumapiri ozungulira tauniyo, ku Two Top ndi ku Lionhead, chipale chimakhala chitaunjikana cha nyengo yonse, masana atalika, anthu achepa. Okwera odziwa amadikirira dala nthawi imeneyo. Amadziwa kuti m'mawa chipale chimakhala cholimba ngati simenti, injini imatentha msanga ngati simunatsitse tizitsulo tokanda chipale kuti tiziwazira madzi oundana pa choziziritsira, ndipo masana chimafewa n'kukhala phala. Amadziwanso kuti makina osalaza njira amakhala akusiya ntchito. Amagula masiku amenewo maso ali gwa. Bamboyu anagula masiku a kumapiri ali ndi Old Faithful m'mutu. Ulendo wina, deti lina. Loji ilibe mlandu.

Ndiponso ndani anakuuzani kuti mumayamba ndi chipinda? Mumayamba ndi snowmobile. M'paki simulowa nokha ngati mukupita kumsika. Mumalowa ndi gaidi wa kampani yololedwa, gulu limodzi siliposa ma snowmobile 10 kuphatikizapo ya gaidiyo, ndipo magulu a snowmobile ololedwa tsiku limodzi saposa 50 mageti onse pamodzi. Oyang'anira paki anachita zimenezi chifukwa cha utsi ndi phokoso. Njira ina ndi ya chilolezo choyenda opanda gaidi wa kampani: maere ake amachitika mu Ogasiti pa tsamba la boma la pa intaneti la Recreation.gov, gulu limodzi pa geti lililonse patsiku, ma snowmobile osaposa 5, ndipo aliyense woyendetsa amayenera kumaliza kaye maphunziro a pa intaneti. Ndiye malo ndi owerengeka. Mutha kukhala ndi chipinda chabwino pa 28 Disembala koma mipando yonse yolowera m'paki inatha kalekale. Dongosolo lake ndi ili: sankhani deti, imbirani kampani ya ma snowmobile akutsimikizireni mpando pa deti limenelo, mukatero bukitsani chipinda, tikiti ya ndege pomalizira. Ndegeyonso samalani, bwalo la ndege la West Yellowstone silandira ndege za anthu nyengo yozizira. Mumatsikira ku Bozeman, makilomita pafupifupi 145, msewu wake wa US 191 wodutsa m'chigwa cha mtsinje wa Gallatin, woterera. Ofika usiku asaganize zokwera m'mawa wake.

Mufunsenso kuti snowmobile yake ndi iti, chifukwa mawu oti "snowmobile ilipo" satanthauza kanthu. Ya m'paki ndi ya injini ya four-stroke yovomerezeka, yofatsa, ya mipando iwiri, ndipo simupitirira makilomita 56 pa ola. Ulendo wa ku Old Faithful ndi makilomita 48 kupita kokha, kudzera pa Madison, muli pa mzere kumbuyo kwa gaidi, mukuima njati zikatseka msewu. Ya kumapiri ndi chilombo china: injini ya two-stroke ya 850, lamba wapansi wautali mainchesi 154 mpaka 165, mano ake otalika pafupifupi mainchesi atatu, munthu mmodzi basi, ndipo nthawi zambiri mumayendetsa chiimire. Ya kumapiri ngati Polaris RMK kapena Ski-Doo Summit sailola m'paki, ndipo ya m'paki mukaitulutsa mumsewu n'kulowa nayo m'chipale chakuya imatitimira pompo, mukumba mpaka thukuta kuundana pamsana. Mitengo yake yobwereka ndi yosiyana, dipoziti yake ndi yosiyana. Amene wagula phukusi la "chipinda ndi snowmobile" osafunsa mtundu wake asabwere kudzalira kuno.

Mafunso ake ndi ochepa, ndipo muziwafunsa polemba kuti yankho likhale m'manja. Mtengowu ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi? Maphukusi ambiri amawerengera munthu aliyense, poganiza kuti mugona awiri, ndiye wobwera yekha amawonjezera. Pa snowmobile tikwera awiri kapena aliyense yake? Mafuta ndi oyilo zili momwemo? Suti, nsapato, magolovesi ndi chipewa cholimba ndi zaulere kapena zobwereka padera? Dipoziti ya zowonongeka ndi zingati, ndipo mumaigwira pa khadi yanji? Ambiri amafuna khadi ya ngongole, khadi wamba ya kubanki amaikana, ndipo inshulansi imene amagulitsa pa kauntala nthawi zambiri imangochepetsa zimene mulipire, sichotsa zonse. Laisensi yoyendetsera galimoto muitenge, m'paki wopanda laisensi sayendetsa. Ndipo funso lalikulu pa onse: ndikasintha maganizo, tsiku lomaliza lobwezeredwa ndalama ndi liti, ndipo chipale chikapanda kugwa kapena msewu ukatsekedwa mumabweza ndalama, mumasuntha deti, kapena zanga zada? Malo ambiri yankho ndi lomalizalo. Mtengo wotsikitsitsa pa intaneti nthawi zambiri ndi uja wosabwezedwa. Bamboyu anadina pomwepo. A loji analemberatu kuti sabweza, iye anadina, lero akuti akuba.

Mukufuna kugona m'kati mwenimweni mwa paki? Old Faithful Snow Lodge imatsegula chapakati pa Disembala n'kutseka kumayambiriro kwa Malichi, ndipo nyengo yozizira kulibe msewu wa galimoto wofika kumeneko. Ndiye pa mtengo wa chipinda muwonjezere wa chokufikitsani ndi chokubwezani. Deti, deti, deti. Mukalakwitsa ndi sabata imodzi mupeza chitseko chokhoma.

Koma nanunso eni maloji musaseke, muli ndi zanu. Chizolowezi cholemba nambala yaikulu yokongola pamwamba, misonkho n'kudzaonekera pa tsamba lomaliza munthu atalowetsa kale khadi, ndi chonyansa. Ku Montana msonkho wa malo ogona ndi 8 peresenti, tauni ya West Yellowstone imawonjezera yake 4 peresenti. Tiyerekeze chipinda cha madola 200: ndi 224, ndipo masiku anayi ndi 896, osati 800. Pa banja ndalama imeneyo ndi chakudya cha tsiku. Bwanji osalemba poyera? Ndalama yolowera m'paki nayonso maphukusi ena saiphatikiza, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2026 mlendo wosakhala ku America wa zaka 16 kupita mtsogolo amawonjezera madola 100 pa geti la Yellowstone ngati alibe chiphaso cha chaka chonse. Amene mukuitana achibale kuchokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg kuti adzaone chipale, werengerani mitu. Ndipo inu a loji, munthu akubukitsa pa 18 Malichi, pa tsamba lanu pali chithunzi cha ma snowmobile pafupi ndi Old Faithful, chikukuvutani n'chiyani kulemba mzere umodzi woti paki imatseka pa 15? Simunabe, inde, koma munakhala chete mukuona munthu akulowa m'dzenje.

China chimene chimandiwawa: anthu omwewa amene amakangana pa madola khumi a chipinda ndi amene amakana kubwereka zida za chipale chogumuka, akuti n'zodula. Mukatuluka m'njira zosalazidwa n'kukwera ku Lionhead, aliyense m'gulu ayenera kuvala kachipangizo kotumiza chizindikiro pathupi, mkati mwa jekete, ndodo yopinda yofufuzira ndi fosholo zili m'chikwama cha kumsana. Osati zomangirira pa snowmobile, chifukwa chipale chikakukokololani snowmobile imapita kwake inu kwanu. Malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45 ndiwo amagumuka kwambiri. Munthu akakwiririka, mphindi 15 zikadutsa mwayi wotuluka wamoyo umatsika msangamsanga, ndipo okufukulani ndi anzanu omwewo, opulumutsa anthu ochokera m'tauni safika nthawi yake. Ofesi yoona za chipale chogumuka ya Gallatin National Forest Avalanche Center imatulutsa chenjezo m'mawa uliwonse, masitepe asanu, ndipo imfa zambiri zimachitika pa sitepe yachitatu, pamene anthu amati si zoopsa kwenikweni. Kuwerenga n'kwaulere. Koma munthu amene sanathe kuwerenga deti lotsekera geti, chenjezo limenelo aliwerenga?