Kupangana mtengo ndi kuba, musandiuze zina

Pali mkulu wina dzulo anandiuza mosaphethira n'komwe kuti pa mlandu wokweza mitengo ya ma e-book (mabuku owerengera pa makina, osati a pepala) ku America, kampani ya Apple ndi osindikiza mabuku "ankangodziteteza" kwa Amazon, sitolo yaikulu ya pa intaneti, ndiye akuti sanalakwe kwenikweni. Mpaka pano mtima wanga sunatsike. Kudziteteza kwake kuti? Kudziteteza kopisa dzanja m'thumba mwa wowerenga?

Tisazungulire ayi. Makampani akuluakulu asanu osindikiza mabuku, Hachette, HarperCollins, Macmillan, Penguin ndi Simon & Schuster, anapangana ndi Apple kuti mitengo ya mabuku owerengera pa Kindle (makina a Amazon owerengerapo mabuku) ndi pa iPad ya Apple ikwere. Anthu oyenera kupikisana, aliyense kukopa wogula ndi mtengo wake, anakhala pakamwa pamodzi. Kumeneko ndi kuba, abale anga. Kuba kovala suti ndi tayi, koma kuba ndithu.

Chifukwa chawo tikuchidziwa. Amazon itatulutsa Kindle mu 2007 inkagulitsa mabuku atsopano otchuka pa $9.99, ena mongoluza, ndipo pafupifupi 90 peresenti ya msika wa ma e-book inali m'manja mwake. Osindikiza ankaopa kuti anthu azolowera zotchipa n'kusiya mabuku a chikuto cholimba. Chabwino, mantha awo tawamva. Nanga mantha amapatsa munthu chilolezo chochita upo?

Taonani mmene ankachitira. Mabwana a makampaniwa ankakumana pa chakudya chamadzulo m'zipinda zapadera za malesitilanti a ku New York, ina mwa iwo Picholine, popanda loya aliyense, kukambirana za mtengo wa 9.99 umene unkawasowetsa tulo. Munthu wochita zoyera amasiyiranji loya wake kunja? Kenako chakumapeto kwa 2009 kunabwera Eddy Cue wa ku Apple, iPad ili pafupi kutuluka, atanyamula ndondomeko yake: osindikiza aziika okha mtengo, Apple izitengapo 30 peresenti, mabuku atsopano azifika $12.99 kapena $14.99. Mu mgwirizanowo anaikamonso mfundo yoti sitolo ina ikamagulitsa buku motchipa, Apple nayo igulitse pa mtengo womwewo. Ndiye wosindikiza akanatani kuti asaluze? Anayenera kukakamiza Amazon kuti nayo ikweze. Ndipo aliyense asanasayine ankafuna atsimikiziridwe kaye kuti anzake nawo akusayina. Cue ankawauza. Mafoni ankangolira pakati pa mabwanawo. Munthu amene akudzipangira yekha chiganizo cha bizinesi yake safunsa kuti mdani wake pa malonda wasayina kapena ayi. Wofunsa zimenezo ndi amene ali mu chiwembu.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi cha pa 27 January 2010, tsiku limene Steve Jobs, mkulu wa Apple pa nthawiyo, anaonetsa iPad kwa anthu. Mtolankhani Walt Mossberg anamufunsa kuti munthu angagulirenji buku pa $14.99 kwa Apple pomwe kwa Amazon lili pa $9.99. Jobs anayankha kuti mitengo idzakhala yofanana. Anadziwa bwanji? Iye sankagwira ntchito ku Amazon. Mwini sitolo amadziwa bwanji mtengo wa mawa wa sitolo ya mnzake ngati nkhaniyo sinaphikidwe kale? Tsiku lotsatira, John Sargent, mkulu wa Macmillan pa nthawiyo, anapita ku Seattle kukauza Amazon zoti zinthu zasintha. Amazon inakwiya n'kusiya kugulitsa mabuku a Macmillan, koma posakhalitsa inagonja chifukwa inaona kuti ena anayi aja akubwera ndi mawu omwewo. Pofika April 2010 mitengo inakweradi. Mabuku a makampaniwa anakwera ndi pafupifupi 18 peresenti tikawaphatikiza onse, otchuka kwambiri aja kupitirira 40 peresenti. Buku lomwelo, mawu omwewo, lopanda pepala, lopanda inki, lopanda lole yolinyamula. Chinasintha n'chiyani? Anthu anapangana basi.

Ndiye wina azindiuza kuti ankamenyera nkhondo olemba mabuku? Bodza. Pa ndondomeko yakale, buku la $26 Amazon inkalipira wosindikiza pafupifupi $13, ngakhale iyo ikaligulitse $9.99. Pa yatsopanoyi wosindikiza ankalandira 70 peresenti ya $12.99, yomwe ndi $9 ndi timasenti. Ndalama yolowa inachepa pa buku lililonse, ndipo wolemba, amene gawo lake limawerengedwa kuchokera pa zimene wosindikiza walandira, nayenso zinamuchepera. Osindikizawo analolera kuluza iwo eni, bola wowerenga asazolowere kugula motchipa. Nkhanza zake zimenezo! Wowerenga walipira zambiri, wolemba walandira zochepa, ndiye amene anatetezedwa ndani?

Ogulitsa chimanga pa msika atakumana usiku n'kupangana kuti mawa ndowa isatsike pa mtengo wakutiwakuti, aliyense wotsitsa amuthamangitse, tonse tingakuwe kuti akuba. Palibe anganene kuti akudziteteza kwa venda wamkulu. Nanga zikachitikira ku Manhattan, pa tebulo la vinyo, tizizipatsa ulemu chifukwa chiyani?

Ngati Amazon inkaphwanya lamulo pogulitsa mongoluza, makhothi analipo, boma linalipo. Akanakadandaula kumeneko masana dzuwa likuswa mtengo. Lamulo la Sherman Act lilipo kuyambira 1890 ndipo limaletsa poyera kuti opikisana pa malonda azipangana mitengo. Silinena kuti mukakhala ndi mantha ndiye mupangane. Ine sindikuyeretsa Amazon, nayonso ili ndi zake zambiri. Koma kulakwa kwa wina sikusandutsa upo wanu kukhala chilungamo.

Unduna wa zachilungamo wa ku America unawasumira mu April 2012. Osindikiza asanu onse anathetsa nkhani kunja kwa khothi, analipira pafupifupi $166 miliyoni yobwezera ogula, koma osavomera kuti analakwa. Kulipira alipira, kupepesa ayi. Apple inalimbalimba mpaka mlandu unazengedwa, ndipo mu July 2013 woweruza Denise Cote anagamula kuti inatsogoleradi chiwembucho. Inachita apilo, mu 2015 inagonjanso. Mu March 2016 khothi la Supreme linakana kumva nkhaniyo, Apple n'kulipira $450 miliyoni, 400 ya ogula, 50 ya maloya. Wowerenga anabwezeredwa $6.93 pa buku lotchuka, $1.57 pa ena onse, patadutsa zaka zisanu ndi chimodzi chimubereni.

Ena akumva $450 miliyoni akuti eee, analangidwa zedi. Analangidwa chiyani? Chaka chomwecho cha 2016 Apple inapanga phindu loposa $45 biliyoni. Chimene inalipira ndi 1 peresenti yokha ya phindu la chaka chimodzi. Palibe bwana ngakhale mmodzi amene anagona m'chitokosi, chifukwa mlanduwo sanautenge ngati waupandu. Mnyamata wotsomphola foni m'tauni amakaseweza jere zaka, awa anapisa m'matumba mwa anthu mamiliyoni n'kubwerera ku maofesi awo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndi zimenezitu. Chilango chotere sichiopsa munthu. Wina amangochiwerengera ngati ndalama yoyendetsera bizinesi, mawa n'kuyambiranso mochenjera, ulendo uno osasiya maimelo.

Ndipo pomwe ndili pomwepa, china chondipsetsa mtima ndi ichi. Mitengo akweza choncho, koma e-book imene walipirayo si yako n'komwe. Umangogula chilolezo chowerenga. Buku la pepala ukamaliza umabwereka mlamu wako, umagulitsa, umasiyira ana. Iyi ayi, anaikhoma loko kuti izitseguka pa makina awo okha. Mu 2009 Amazon inafufuta buku la George Orwell la 1984 m'ma Kindle a anthu amene anali atagula kale, eni ake osafunsidwa, akuti amene analiika pa msika analibe ufulu wolitero. Ndalama anabweza, inde, koma analowa m'makina a munthu popanda kuodira. Ndiye $14.99 imeneyo munthu amalipirira chiyani?