Maola 72 sadikira mwambo wa matisheti

Pa 25 November paliponse, poyamba masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi ndi atsikana, nkhani ndi yomweyo: kuguba pamsewu, matisheti a olenji, gulu la zoimbaimba patsogolo, akuluakulu akulankhula pansi pa tenti mpaka 10 December. Zithunzi zake zandikwiyitsa zedi. Ndalama ya matisheti ikupezeka, koma ya mafuta a galimoto yokatenga mwana wogwiriridwa kumudzi palibe!

Mwana akagwiriridwa, mankhwala omuteteza ku HIV, aja a PEP, ayenera kuyamba kumwa pasanathe maola 72, ndipo amamwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi nawonso amagwira bwino akamwa msanga. Asasambe, zovala asachape, chifukwa umboni uli pomwepo. Dokotala amuyeze, alembe lipoti lopita nalo ku Victim Support Unit, ofesi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Zonsezi ndi masiku atatu basi. Ndiye mayi wa kumudzi afike papolisi n'kuuzidwa kuti galimoto ilibe mafuta? Akongole ya kabaza, afike kuchipatala tsiku lachinayi? Pamenepo PEP wapita. Palibe amene angabweze maola amenewo.

Malamulo tili nawo, musatiuze za malamulo. Loletsa nkhanza za m'banja ndi la 2006. Loletsa kusiyanitsa amuna ndi akazi, la Gender Equality Act, ndi la 2013. Mu 2017 tinasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma lamulo siliyendetsa galimoto. Lamulo silipereka thiransipoti kwa mboni yopita kukhothi kachitatu mlandu utaimitsidwa kawiri. Mboni ikatopa, abale amakakambirana kwa amfumu, wolakwa n'kulipira mbuzi, mwana n'kumakumana naye tsiku lililonse panjira ya ku mjigo.

Akuti chuma chavuta. Chabwino. Nanga bwanji ntchitoyi tinaisiya m'manja mwa mabungwe akunja? Spotlight Initiative, pulojekiti ya European Union ndi United Nations yolimbana ndi nkhanza kwa amayi ndi atsikana, inali m'maboma 6 okha: Mzimba, Nkhata Bay, Ntchisi, Dowa, Machinga ndi Nsanje. Pulojekiti imatha, nkhanza sizitha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Boma liike ndalama yakeyake mu bajeti, yolembedwa poyera: mafuta a Victim Support Unit iliyonse, mankhwala ndi zoyezera m'malo a Chikwanekwane (momwe wochitiridwa nkhanza amapeza thandizo la chipatala, la polisi ndi uphungu pamodzi), njinga yamoto ya alangizi a zosamalira anthu m'maboma. Ifike mwezi ndi mwezi.

Ndipo kodi mayi wothawa mwamuna womumenya agona kuti? Khothi lingamupatse chikalata choletsa bamboyo kumuyandikira, koma chikalata si denga. Aimba 5600, nambala yothandiza ochitiridwa nkhanza, amuthandiza ndi uphungu, kwada, ana atatu akulira njala. Nyumba zosungirako anthu otere n'zochepa kwambiri, ndiye amabwerera kunyumba komwe wathawako, nkhope ikadali yotupa.