Kubetcha akavalo ali m'kati mothamanga: ife oonera pa foni timalowa mochedwa

Abale anga amene tili kuno ku UK, makamaka ife ogwira ntchito usiku amene masana timangokhala m'nyumba foni ili m'manja, ndiloleni ndinene zimene zakhala zikundivuta mumtima.

Kumudzi tinazolowera kubetcha mpira ndi kandege. Akavalo ambirife tawadziwira kuno, ndipo chimene chatikola si kubetcha mpikisano usanayambe ayi, koma kubetcha akavalo atanyamuka kale. Ma odds, manambala osonyeza kuti ndalama yako ichulukitsidwa kangati ukapambana, amavina pamaso pako. Kavalo amene anali pa 8 watsika kufika pa 2, kuphethira kamodzi ali pa 1.10, winanso wakwera mpaka 50. Mtima umakuuza kuti ukuona zimene ena sakuziona.

Ine ndinaika mapaundi 200 pa kavalo amene anali pa 1.05, atatsala ndi mpanda umodzi woti adumphe, anzake atawasiya kutali. Phindu lake likanakhala mapaundi 10 okha. Ndinati izi n'zongotola. Nditangodina, ma odds anathawa kupita m'mwamba kavaloyo ndikumuona adakali chilili pa foni yanga, kenako ndi pamene ndinamuona akugwa. Zinandipweteka kwambiri, ndipo si ndalama zokhazo, ngakhale zinali zoti nditumize kwa amayi mwezi umenewo. Chinandiwawa n'choti anthu ena anadziwa kuti wagwa ine ndisanaone.

Nkhani yonse yagona pamenepa. Kanema amene timaonera pa intaneti amafika atachedwa ndi masekondi angapo. Pa mpira kuchedwa kotere mwina sikungakupweteke nthawi zonse, koma mpikisano wa akavalo wa mamita 1,000 umatha m'mphindi imodzi yokha, ndipo ngakhale wodumpha mipanda umagamulidwa m'masekondi ochepa omaliza. Alipo anthu amene amakhala pabwalo penipeni, ena amalipira kuti azilandira zithunzi zofika msanga, ena mpaka ankaulutsa ma drone pafupi ndi mabwalo a kuno kuti aziona okha. Enanso si anthu n'komwe, ndi mapulogalamu a kompyuta amene amagula ndi kugulitsa mabetcha mofulumira kuposa chala cha munthu. Pa misika ngati Betfair, imene inayamba mu 2000, subetcherana ndi kampani koma ndi anthu anzako. Ndiye ukaona mtengo wokoma ukukudikira kavalo ali pafupi kumaliza, udzifunse kuti amene wausiyayo waona chiyani.

Ndipo kavalo si makina. Amene munalipo mu March 2015 mukukumbukira za kavalo wotchedwa Annie Power pa mipikisano ya ku Cheltenham. Tsiku limenelo akavalo atatu ophunzitsidwa ndi Willie Mullins, Douvan, Un De Sceaux ndi Faugheen, anali atapambana kale, onse atakweredwa ndi Ruby Walsh, ndipo anthu ochuluka anali atamanga matikiti awo pa akavalo anayiwo. Annie Power anafika pa mpanda womaliza ali patsogolo bwinobwino, n'kugwa. Matikiti onse anapsera pomwepo. Kalekale mu 1956, pa mpikisano wa Grand National ku Aintree, Devon Loch, kavalo wa amayi ake a Mfumukazi Elizabeth, anagwa chamimba pamalo opanda mpanda uliwonse, mzere womalizira uli pafupi.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Munena za kavalo Family Business, amene womukwera Tony McCoy anagwa naye ku Southwell mu January 2002, akavalo ena onse n'kugwanso, iye n'kukweranso n'kupambana, pomwe ma odds anali atafika pa 1,000. Zinachitikadi. Koma nkhani imeneyi timaikambabe lero chifukwa sizichitikachitika, komanso kuyambira mu 2009 malamulo a kuno saloleza wokwera kukweranso kavalo amene wagwa mpikisano uli m'kati.

Imene imandikwiyitsa ine ndi ya Voler La Vedette ku Leopardstown, ku Ireland, mu December 2011. Kavalo ameneyu ankapambana poyera, koma pa Betfair panaoneka mtengo wa 29 mpaka pamene ankadutsa mzere, chifukwa cha vuto la makina. Anthu anaukhamukira mtengowo. Zoti alandire zinali pafupifupi mapaundi 23 miliyoni, koma kampani inafafaniza mabetcha onse amene anaikidwa mpikisanowo uli m'kati. Sindikutsutsa kuti linali vuto la makina. Koma taonani: makina akalakwa mokomera wobetcha, pamapezeka lamulo lobwezera zinthu m'malo mwake. Kanema akachedwa n'kukupweteka iwe, palibe amene amakubwezera ngakhale kakobiri.

Tawerengerani nokha. Pa 1.05 uyenera kupambana ka 20 kuti ubweze zimene wataya pa kugwa kumodzi. Pa 1.01 ndi ka 100. Mapaundi 200 aja ndi mausiku awiri athunthu ndikutembenuza okalamba pabedi, msana ukuwawa.

Sindikunena kuti musamaonere akavalo. Ine ndimawakondabe, ndipo March akafika ndimakhala pa TV kuonera Cheltenham. Sindikuweruzanso amene amaika kangachepe mpikisano usanayambe, pamene nonse mukuona zofanana. Chimene ndikukana ndi ichi chothamangitsana ndi ma odds akavalo ali m'njira, chifukwa pamenepo maso athu ali m'mbuyo.

Amene mukukayika, yesani zimene ndinachita ine sabata yotsatira. Ndinatsegula wailesi imene inkaulutsa mpikisano, foni ndinaiika pambali pake, osabetcha kanthu. Woulutsa mawu anakuwa kuti kavalo wotsogola wadumpha mpanda womaliza, pa foni yanga kavaloyo anali asananyamule n'komwe miyendo.