Mpando wa kumphakati unandiyalutsa

Abale lero ndiulule kanthu, ofuna kuseka asekeretu. Chaka chatha kumphakati kwathu kuno ku Chilomoni kunali masankho ndipo ine ndinali nditawerengera kale kuti mpando ndi wanga, nanga kukagwa maliro galimoto amapereka ndani? Bambo mfumu akamabwera kudzachita Misa ya kumphakati nkhuku amagula ndani? Koma mavoti atawerengedwa anawina ndi mayi ena ogulitsa tomato pamsika, oti ngakhale foni ya WhatsApp alibe. Ndinaomba nawo m'manja inde koma kukhosi kunali kutatsamwa. Miyezi itatu osapondako, akandifunsa ndimangoti kuntchito kwachuluka zochita. Bodza lenileni.

Chomwe chimandichititsa manyazi pano nchakuti nthawi yonseyo m'mawa uliwonse ndimapemphera Atate Athu, pakamwa nkumati kufuna kwanu kuchitidwe, chikhalirecho mumtima ndikuti Ambuye pulani ndakonza kale inu mungosaina apa.

Ndiye tsiku lina ndikumva nkhani ya Ignatius woyera wa ku Loyola ndinachita kuseka ndekha chifukwa ndinadziona. Mkuluyu anali msilikali wokonda kutchuka ndi kutchena. Mu 1521 kunkhondo ku Pamplona m'dziko la Spain chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya mwendo, ndiye utapola panatsala fupa lotundumuka pansi pa bondo, iye nkuwauza madokotala kuti alicheke, popanda mankhwala ogonetsa aise, cholinga jombo zizimukhala bwino basi. Ali gone choncho anapempha mabuku a nkhani za ankhondo ndi zachikondi, m'nyumbamo munalibe, anamupatsa a moyo wa Yesu ndi wa oyera. Chaka chotsatira anakasiya lupanga lake pamaso pa chifaniziro cha Amayi Maria ku Montserrat, zovala zake zodula nkupatsa wopemphetsa.

Ena amati zodzipereka kwa Mulunguzi ndi za anthu aulesi, olephera moyo. Ine ayi sindikuvomereza. Ignatius yemweyo anabwerera kusukulu ali ndi zaka zoposa 30 kukakhala ndi tiana kuphunzira Chilatini, mpaka anayambitsa chipani cha ansembe ndi mabulazala chotchedwa maJesuit chomwe Papa anachivomereza mu 1540, waulesi angatero? Mphamvu zake zinali zomwezija, chinasintha ndi mwini wake wa ntchitoyo. Ndipo mpaka lero maJesuit ambiri pochita malumbiro omaliza amalonjeza kuti sadzathamangira maudindo akuluakulu mumpingo. Ife kuno ngakhale usekilitale wa kwaya timachitira kampeni, kuimbirana mafoni usiku ngati tikupita ku Nyumba ya Malamulo.

Musandimve molakwa, mu Blantyre muno kukhala osathamanga ugona ndi njala, lendi siidikira, fizi siidikira. Kusaka ndalama ine ndikusakabe. Chimene chimandidya chinali china, kufuna kuti ndikalowa anthu aziimirira.

Ndinabwerera kumphakati mu Lenti, titatsika ku Njira ya Mtanda kuphiri la Michiru miyendo ili njenjenje. Amayi aja sanandifunse komwe ndinali, anangoti "Achimwene mwabwera, Loweruka ndi ife osesa kutchalitchi, mubwere ndi tsache." Ndinapita. Ndinasesa kuyambira kuguwa mpaka kukhomo, fumbi lili mbuu m'maso, ndipo ndisaname, kawiri konse ndinadzutsa mutu kuyang'ana ngati bambo mfumu akundiona.