China youluka, Japan yoponda pansi

Amene amadziwa China ndi Japan kudzera m'mafilimu omenyana okha amaganiza kuti China yonse ndi mapiri ankhungu ndi nkhalango za nsungwi, pomwe Japan ndi kamsewu kafumbi pakati pa nyumba zamatabwa. Zithunzi ziwirizi gwero lake ndi kajambulidwe, osati mmene mayikowo alili.

Mafilimu ambiri a kung fu a m'ma 1970 ankajambulidwa ku Hong Kong, m'situdiyo za Shaw Brothers ku Clear Water Bay, ndipo kachisi wa Shaolin amene anthu ankamuona anali wongomanga m'situdiyomo. Weniweni ali m'chigawo cha Henan ku China, pa phiri la Song. Filimu ya Jet Li ya 1982 itajambulidwa komweko, alendo anayamba kukhamukirako ndipo ku Dengfeng, mzinda wapafupi ndi kachisiyo, kunadzaza sukulu za kung fu. Apa filimu ndiyo inasintha malo.

Kuuluka kwa osewera m'mafilimu a kung fu ndi ntchito ya waya. Wosewera amavala malamba m'chiuno mkati mwa zovala, waya amakoleka m'mwamba, anthu angapo n'kumakoka kuseri kwa kamera. Akafulumira kukoka, phazi limachoka pansi bondo lisanapinde, munthu n'kuoneka wopachikika. Pofuna kuti nkhonya zithamange, kamera imajambula zithunzi pafupifupi 22 pa sekondi m'malo mwa 24, koma poonetsa filimuyo zimayenda 24 pa sekondi. Mukatsitsa kwambiri, fumbi ndi zovala zimayenda mothamanga modabwitsa, ndewu n'kusanduka nthabwala. Wayayo amakoma pamalo aatali, n'chifukwa chake madenga, zigwembe ndi nsonga za nsungwi sizisowa.

Ku Japan ndi zina. Ndewu ya asamurai, ankhondo akale a ku Japan, imachedwa kuyamba: awiri amayang'anizana, n'kutha ndi kutema kamodzi kapena kawiri. Pamafunika malo athyathyathya basi, ndipo misewu yakale yomangidwa ku situdiyo ya Toei ku Uzumasa, mumzinda wa Kyoto, yakhala ikubwerezedwa m'mafilimu ambirimbiri. Lupanga nthawi zambiri limakhala lamtengo lokutidwa ndi chonyezimira, ndipo luso lalikulu lili mwa wotemedwayo. Akachedwa kugwa, ngwazi imaoneka yofooka.

Kwa ine, Japan ndiyo imapunjika kwambiri. Dziko lodzaza mapiri limaoneka ngati kamsewu kamodzi, ndipo asamurai analetsedwa kuyenda ndi malupanga kalekale mu 1876. Ngakhale karate, imene ambiri amaiyesa ya asamurai, inachokera ku chilumba cha Okinawa ndipo inafala ku Japan kwenikweni m'ma 1920.