Njanji ilipo, koma katundu wathu akubwerabe pa matayala

Tikamadandaula za mtengo wa feteleza, simenti kapena mafuta a galimoto, ambiri timaloza chala wogulitsa. Ine ndikuti tiyang'anenso njira imene katunduyo wadutsa. Malawi alibe nyanja ya mchere. Pafupifupi chilichonse cholemera chimene timagula kunja chimatsikira ku doko la Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo kuchoka kumeneko ndi ulendo wa masiku. Dizilo wa thiraki, malipiro a dalaivala, masiku ogona pa chipata cha Songwe kapena Mwanza podikira mapepala, zonsezi amalipira ndi mayi amene akugula thumba la feteleza ku Mitundu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti njanji tili nayo. Sitima zonyamula malasha kuchokera ku Moatize ku Mozambique zimadutsa m'dziko mwathu momwe muno, pa Nkaya, kutulukira ku Nayuchi mpaka ku Nacala, mabogi ataliatali osaoneka kothera. Ife n'kumangozionerera, kwinaku mathanki athu a mafuta akukwawa pa mapiri a Chiweta, kukumba maenje mu msewu wa M1 umene tidzaukonzenso ndi ngongole. Sitima imodzi imanyamula katundu wa mathiraki ambirimbiri, ndipo doko la Nacala lili pafupi kwambiri kuyerekeza ndi Dar es Salaam.

Makolo athu ankadalira njanji. Nkhondo ya ku Mozambique ndi imene inatseka njira za Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, madzi osefukira n'kudzadulanso njanji pa Chiromo mu 1997. Tinathawira pa msewu chifukwa cha mavuto, kenako tinangozolowera. Mu 2024 sitima ya mafuta itafika ku Kanengo patapita zaka zoposa 20, panali nthungululu ndi zolankhulalankhula. Chabwino, koma sitima yonyamula mafuta iyenera kukhala nkhani wamba, yoti ngakhale atolankhani asavutike nayo.

Ndikudziwa, wina anena kuti vuto la mafuta ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Zoonadi. Koma thiraki ya kunja ikatibweretsera katundu timailipira ndi chiyani? Si madola omwewo? Winanso anena kuti tisadalire njira imodzi, poti zipolowe za ku Mozambique chisankho cha 2024 chitatha zinatisokonezera katundu. Apo ndikuvomereza, njira ya Dar es Salaam isatsekedwe. Kungoti isakhale yoyamba pa katundu wolemera.

Eni mathiraki asaope, ntchito siingathe. Sitima siifika ku Chitipa, siifika ku Makanjira, siikatenga mbatatesi ku Tsangano. Mathiraki azitengera katundu ku Kanengo, ku Liwonde ndi ku Limbe kupita naye kumaboma, m'malo mothera masiku panjira kukatenga feteleza amene amafika mvula itagwa kale, chimanga chili m'mawondo.

A phungu anu munawafunsapo kuti njanji ya Marka mpaka Bangula, yotilumikiza ndi doko la Beira, ifika liti ku Limbe?