Filimu yoyenda pang'onopang'ono musamainyoze

Abale anga a kuno ku Mangochi, pali mafilimu ena omwe ambiri mumati ndi ogonetsa, ine lero ndiwaikira kumbuyo. Ndikunena aja a makedzana a chikondi cha kumudzi, oti kamera imangoima pamunda mphepo ikugwedeza mbewu, mnyamata ndi mtsikana akugwira ntchito moyandikana koma osalankhulana. Yotereyi ukaika mu vidiyo show pa Mpondasi anthu amayamba kukuwa kuti sinthani ikani ya nkhondo, ngakhale DJ womasulira uja amasowa chonena mpaka amangodzazamo nthabwala zake.

Komatu chikondi cha kumudzi chimayenda choncho, sungachithamangitse. Aliyense akukuona, amalume ali pompo, anthu a pachitsime akudziwa kale, ndiye mawu sungatulutse chisawawa. Mnyamata amangomaliza mzere wake n'kulowa mzere wa mtsikana kumupalirira kachidutswa osamuyang'ana n'komwe. Mtsikana pogawa thobwa chikho chodzadza bwino chimapita kwa iyeyo. Basi nkhani yonse ili pamenepo, ndipo ukaonera uku maso ali pa foni uphonya zonse kenako uziti palibe chachitika.

Chimene chimandiwawa ine n'choti nkhani zoterezi tili nazo zambirimbiri koma ojambula athu onse ali busy ndi za mtauni, bwana ndi wantchito, galimoto yobwereka, apongozi amfiti. Takwerani ku Namwera mubwerere zaka za m'ma 1970. Maesiteti a fodya, mabalani akufuka utsi usiku wonse, wosonkhezera moto osagona chifukwa moto ukazirala fodya yense waonongeka. Mkamwini wabwera kudzakhala kwawo kwa mkazi, alibe munda wakewake, khasu lake ndi lomwe likumuyankhulira pamaso pa apongozi. Ndiye kuli Theba, amuna kulemba maina kupita kumigodi ku Joni, kontirakiti mpaka zaka ziwiri, mkazi kutsala ndi munda ndi ana ndi kalata yomwe mwina akamuwerengere ndi mwana wa sukulu, chinsinsi cha m'banja chikudutsa pakamwa pa mwana wa eni.

Mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi idagwa ku Francistown ku Botswana, Amalawi 74 adafera pomwepo akubwerera kumudzi, Kamuzu mpaka adaletsa zolemba anthu zija. Tsono taganizani mayi wa ku Namwera wamva pa wailesi ya MBC kwa aneba kuti ndege yagwa, foni kulibe, TV kulibe (TVM idabwera 1999 iyi), sakudziwa ngati mwamuna wake analimo, koma m'mawa akuyenera kupita kumunda chifukwa ntchito siidikira. Mungajambule bwanji zimenezi mothamanga? Kudikirako ndiye filimuyo. Ine ndikufuna ndimuone akusinja, akupeta, akutukula mutu nthawi iliyonse njinga ikadutsa pamsewu, ndipo kamera isachoke msanga.

Koma chonde amene mudzajambule musatinamize. Mkazi asavale thalauzi, lamulo la 1973 lidaletsa mpaka 1993. Kwacha inali yatsopano, idabwera 1971, akuluakulu ankawerengabe mapaundi ndi masheleni. Pamsika pakhale anyamata a Youth League akufunsa khadi la chipani. Pachitsime pakhale mtsuko ndi ndowa yachitsulo osati chigubu chachikasu, ndipo sola isaoneke padenga kumbuyoko. Anthu ayankhule Chiyao chenicheni, mutiikire mawu pansi, osati Chichewa cha ku Ndirande pakati pa Namwera, ayi ndithu.

Ena muziti ndalama kulibe. Filimu yotere siifuna nyumba ya mpanda kapena magalimoto, munda ulipo, mapiri alipo, chifunga cha m'mawa chaulere. Chovuta n'choti ojambula apirire, ayambe mvula yoyamba mu Novembala n'kumabwererako mpaka chimanga chiume, osati kumaliza zonse weekend imodzi. Ndipo azigogo omwe adapita ku Theba ndi amayi omwe adawadikirira alipobe m'midzimu koma akutha, wolemba apite akakhale nawo pamkeka amve okha akufotokoza asanayambe kulemba.